Anakana Kupepesa Magazi Amene Sanakhetse

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse, inu a kuno ku Chongwe ndi inu amene mwayenda mtunda kuchokera ku Bundabunda. Ine ndine Esitere, mkazi wa a Gidiyoni Mwanza, aja okonza njinga m'mbali mwa mtsinje wa Kanakantapa. Ena mwa inu mumandidziwa ndi dzina lina, lija munkanong'onezana ndikamadutsa, lakuti mkazi wa chigawenga. Sindinaimirire kuti ndikuimbeni mlandu. Ndaimirira kuti ndinene poyera kuti mwamuna wanga anagamulidwa kuti anyongedwe chifukwa cha munthu amene sanamuphe, ndipo lero ali moyo, akupuma mpweya womwewu. Mverani mmene Mulungu anachotsera chingwe cha boma pakhosi pake.

Ife kwathu ndi ku Katete. Tinafika kuno chitaganya chitangoyamba kumene, tili ndi ana awiri, Tisa ndi Yosefe, kudzafuna malo olima. Eni dziko, Asoli, anatilandira bwino natipatsa munda. A Mwanza anaphunzira kukonza njinga pamene ankagwira ntchito pa famu ya mzungu, choncho anamanga chisakasa pafupi ndi njira, ndipo anthu anayamba kubwera ndi njinga zawo. Sitinali olemera, koma ana sankagona ndi njala.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, titamaliza kukolola, kunabwera bambo wina wa mudzi wapafupi, a Chipungu. Anali munthu wa malonda, wogula nkhuku ndi mtedza m'midzi n'kukagulitsa ku Lusaka. Anabwera akukankha njinga yawo, foloko yakutsogolo itathyoka. Pambuyo pawo panali akazi awo, a Maliya, atasenza dengu la nkhuku, popeza njinga sikanatha kunyamula kanthu. Ndinawapatsa munkoyo kuti amwe. A Mwanza anaiona njinga ija nati foloko yotere alibe. A Chipungu anati palibe kanthu, akagula yatsopano ku tauni, njinga itsale. Anaitsamiritsa m'chisakasa, nanyamuka kupita kumsewu waukulu kukadikira lole, akazi awo akuwaperekeza.

A Chipungu sanafikenso kwawo. Anapezeka m'thengo, pakati pa msewu waukulu ndi mudzi wawo, atamenyedwa m'mutu, zonse zimene anabwera nazo ku tauni zitatengedwa. Tinamva maliro tili kumunda, ndipo a Mwanza anagwira pakamwa nati, "Munthu uja wandisiyira njinga." Tikukonzeka kuti tipite kumaliro, apolisi anatulukira pakhomo. Wina anali atawauza kuti njinga ya womwalirayo ili kwa munthu wobwera.

"Iyi njinga ni ya ndani?" anafunsa wamkulu wawo.

A Mwanza anayankha kuti ndi ya a Chipungu, anaisiya okha kuti ikonzedwe. Wapolisi uja anaseka, natola hamala imene inali pansi, n'kuiika m'thumba. Anawamanga unyolo ana akuona. Ine ndinawatsatira mpaka kumsewu ndikukuwa kuti, "Kafunseni mkazi wa malemu! Analipo, anamwa munkoyo pakhomo panga!" Palibe amene anacheuka.

Panapita masiku ndisanawaonenso a Mwanza. Pamene anawatulutsa kukhoti laling'ono, ndinangowazindikira ndi malaya. Nkhope inali yotupa, khutu lamanzere likutuluka mafinya, ndipo ankaponda ngati munthu woyenda pa makala. Pambuyo pake anandiuza zimene zinachitika. Anawamenya kuphazi ndi mpira wa payipi, anawamiza mutu mu ndowa ya madzi, anawaletsa kugona. Iwo anakanabe. Pomaliza anthu awiri anawapanikiza pa tebulo, wachitatu anagwira chala chawo chachikulu, nachiviika mu inki, n'kuchidinda pa pepala lolembedwa Chizungu. Pepala lija linkati iwo avomera kuti anabisalira a Chipungu, anawagwetsa pa njinga ndi hamala, nakankhira njingayo kwawo.

Ndinadziwa kuti padziko lonse pali munthu mmodzi amene angatsutse bodza limeneli. Ndinabereka Yosefe n'kupita kumudzi kwa a Chipungu. Koma mwambo wa kumeneko ndi wakuti wamasiye amakhala m'nyumba, salankhula ndi anthu akunja mpaka atasudzulidwa. Ndinangofika pabwalo, mng'ono wa malemu, a Shadreki, anandiimika. Anati tinakupatsani munda, inu mwatibwezera maliro, chokani ndisanachite zina. Akazi ena anandiwaza phulusa. Ine sindinathawe msanga. Ndinayang'ana nyumba ya maliro n'kufuula kuti, "A Maliya, mukudziwa chilungamo, tulukani!" Chitseko sichinagwedezeke. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unawawira mayi ameneyu kuposa apolisi amene.

Mlandu unapita kukhoti lalikulu ku Lusaka. Boma linapereka loya, koma anawaona a Mwanza kanthawi kochepa chabe, ndipo nditamuuza za a Maliya anati wamasiye sangachitire umboni munthu amene wavomera kupha mwamuna wake. A Mwanza anauza woweruza kuti anamenyedwa. Anavula nsapato naonetsa zipsera za kuphazi. Apolisi analumbira pamaso pa Mulungu kuti sanawakhudze, akuti anagwa okha potsika lole. Za foloko yothyoka anati inathyoka pamene malemu ankagwa. Ine ndinalowa m'bokosi la mboni n'kunena zonse zimene ndinaona, koma woimira boma anati mkazi aliyense amanamira mwamuna wake.

Woweruza anafunsa ngati a Mwanza ali ndi mawu asanagamule. Iwo anaima nati, "Chala chili pa pepalalo ndi changa, koma mawuwo si anga." Womasulira anatembenuza, woweruza analemba, kenaka anaika kansalu kakuda pamutu pake. Chizungu sindichimva, koma kansalu kaja ndinakamva. Womasulira anati adzapachikidwa ndi chingwe pakhosi mpaka kufa. Ndinagwira benchi. Ndinati mumtima, sindigwa pamaso pa anthu awa.

Abale, masiku otsatira anali owawa. Pachitsime akazi ankadikira kuti nditunge ndichoke. Ana a anthu analetsedwa kusewera ndi Tisa. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inkatsala yanga ndekha ndi ana anga, pamene ena akupanikizana kumbuyo. Ena anandiuza kuti ndibwerere ku Katete zinthu zisanaipe. Ndinakana. Ndinati ndikachoka ndiye kuti ndavomera, ndipo munda uwu tinaupatsidwa masana, sindiuthawa ngati mbala.

Kupemphera ndinkapemphera, koma osati mwaulemu monga tinaphunzitsidwira. Ndinkagwada m'chisakasa chija, pakati pa matayala akale, n'kumufunsa Mulungu molimba mtima. Ndinkati, Inu munalipo m'mawa uja, munaona njinga ikubwera, munaonanso amene anakhetsa magazi m'thengo, nanga mwakhala chete bwanji? Ndinkati sindikusiyani, ndidzabwera mawa ndi mkuja mpaka mutatopa nane. Ngati kunali kulakwa kupemphera chotero, Iye sanandikanthe.

A Mwanza anali atapempha apilo, kutanthauza kukadandaula kukhoti loposa lija linawagamula. Pamene tinkadikira, mkulu wina wa mpingo wathu anabwera kunyumba. Anali munthu wabwino, wodziwa za boma, ndipo sanabwere ndi chipongwe. Anati, "Mwana wanga, munthu amene chala chake chili pa pepala sapambana apilo. Njira ndi imodzi. Avomere, apepese, apemphe chifundo kwa Bwanamkubwa. Mwina angamuchotsere chingwe, akakhale m'ndende moyo wake wonse. Kuli bwino kukaona munthu m'ndende kusiyana ndi kulira manda amene sudzawaona n'komwe." Mawu amenewa analowa. Ndinkafuna bambo wa ana anga akhale moyo, zivute zitani.

Ndinakwera lole kupita kundende. Oyembekezera kunyongedwa amawasunga paokha, ndipo umalankhula nawo kudzera pa waya, msilikali ataima pambali. A Mwanza anali ataonda, atatembenuzira khutu lamanja kwa ine chifukwa lamanzere linali litagontha. Ndinawafotokozera zonse zimene mkulu uja ananena. Ndinalira, ndinawatchulira maina a ana. Iwo anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Mai a Tisa," anatero, "kuja anachita kundigwira dzanja anthu atatu. Tsopano ufuna ndilipereke ndekha?"

Ndinati ndikufuna mukhale moyo.

"Moyo wanji? Ndikapepesa, Tisa ndi Yosefe adzakhala ana a wakupha mpaka ukalamba wawo, ndipo ndidzakhala ndawauza ndine. Akandipachika, andipachike ndikukana. Bodza limenelo likhale lawo, lisakhale langa."

Msilikali uja anagogoda waya ndi ndodo kuti nthawi yatha. Ndinatuluka nditakwiya nawo, ndikuti munthu wouma mutu ameneyu andisiyira umasiye chifukwa cha kunyada. Koma pa lole, fumbi likundilowa m'maso, ndinayamba kuona kuti m'nkhani yonseyi munthu amene anatsala ndi chake ndi iwo. Anawalanda ntchito, dzina, khutu, koma anakana kupereka pakamwa pawo. Nditafika ndinapita kwa mkulu uja n'kumuuza kuti zikomo, koma kwathu sitipepesa magazi amene sitinakhetse. Anapukusa mutu nati ndadzikumbira ndekha. Ndinati ngati ndi dzenje, Mulungu akuliona.

Mvula inagwa, ndinalima ndekha, ndinadzala ndekha. Tsiku la apilo silinkadziwika, ndipo galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ndinkaopa kuti abwera kudzandiuza kuti zatha.

Tsiku lina ndikupalira chimanga dzuwa lili pamutu, ndinaona mayi ataima kumalire a munda, mutu wometedwa, atafunda nsalu yakuda. Ndinamuyang'anitsitsa. Anali a Maliya. Ndinagwira khasu mwamphamvu, ndipo mawu oyamba amene anatuluka m'kamwa mwanga sanali moni. Ndinati, "Mwabwera kudzaona ngati tatha kufa?"

Sanabwerere m'mbuyo. Anakhala pansi pa mzere nati, "Ba Esitere, nimvereni. Tsiku lija munafuula ninamva. Koma ananiuza kuti amuna anu anavomera okha, ndiye ninaganiza kuti anawatsatira pobwera ku tauni. Za njinga palibe ananiuza. Dzulo ananisudzula, anagawa katundu wa malemu. Alamu anga ba Shadreki anati njinga ikachoka ku boma izakhala yawo, chifukwa ndiyo akulu awo anafera. Nafunsa, anafera njinga bwanji, pamene njinga tinaisiya tekha, ine nilipo? Ananiuza kuti nikhale chete, nkhani inatha."

Khasu linagwa lokha m'manja mwanga. Ndinawafunsa kuti nanga tsopano mufuna chiyani.

"Ngati ananama pa njinga, ananama zonse," anatero. "Ndiye kuti amene anapha amuna anga akali kuyenda, akudya, akuseka. Afuna kunipatsa mtembo wa munthu wosalakwa kuti nitonthole. Ine sinizatonthola."

Abale, ndinapempha Mulungu kuti atumize thandizo, ndipo m'maganizo mwanga ndinkayembekezera munthu wa ulamuliro, wovala jekete. Iye ananditumizira mayi amene ndinkadana naye, wopanda nsapato, wongotuluka kumene m'nyumba ya maliro.

A Maliya amapemphera ku Kasisi. M'mawa mwake tinayenda limodzi mpaka ku mishoni, iwo patsogolo ine pambuyo. Wansembe wa kumeneko anatimvera mpaka kumapeto, ngakhale ine sindili wa mpingo wawo, ndipo anatinyamula pa galimoto yake kupita kwa loya amene anapatsidwa apilo ya a Mwanza. Ameneyu anali wina, osati woyamba uja. Sanatinamize. Anati khoti la apilo silikonda kumva mboni zatsopano, ndipo oweruza adzafunsa kuti mayiyu anali kuti nthawi yonseyi. A Maliya anati akawauza okha kumene anali. Analumbira, loya analemba mawu awo, ndipo ulendo uno anawawerengera m'chilankhulo chawo asanaike chala.

Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. A Shadreki anawauza a Maliya kuti akakaima kumbali ya obwera, asadzapondenso pabwalo la amuna awo. Anthu ena anayamba kunena kuti ine ndawadyetsa mankhwala. Ndinaopa kuti abwerera m'mbuyo, ndipo sindikanawaimba mlandu. Koma tsiku la apilo ndinawapeza ali kale pamsewu waukulu, akundidikira.

Oweruza anali atatu, ochokera ku Sozibele. A Mwanza anawabweretsa atamangidwa. Loya wathu analankhula nthawi yaitali, ndipo womasulira ankatiuza pang'onopang'ono. Anati pepala la kuvomera silinayenere kulandiridwa, chifukwa munthu anaonetsa zipsera m'khoti ndipo woweruza woyamba sanazifufuze. Mmodzi wa oweruza, wokalamba, anafunsa woimira boma kuti munthu wogwa pa lole amavulala bwanji pansi pa mapazi onse awiri. Woimira boma anangotembenuza mapepala ake.

Atakambirana, analola kuti a Maliya alankhule. Anaima m'bokosi nafotokoza za foloko yothyoka, za dengu la nkhuku, za mmene anaperekezera amuna awo mpaka kukwera lole opanda njinga. Anafotokozanso za mwambo umene unawatsekera m'nyumba. Woimira boma anawapanikiza, nafunsa kuti banja la wamlanduyu lakupatsani chiyani kuti munene zimenezi.

"Ananipatsa munkoyo tsiku lija tinasiya njinga," anayankha. "Palibe china. Wakufayo ni mwamuna wanga, bwana, si wanu. Nifuna amene anamupha, osati uyu."



Chigamulo sichinatuluke tsiku lomwelo. Tinabwerera kumudzi, a Maliya anapeza katundu wawo ali panja, ndipo anadzagona kwanga. Titaitanidwanso, woweruza wokalamba uja anawerenga. Anati pepala lija linatengedwa mokakamiza ndipo silingakhale umboni. Anati njinga inafika kwa a Mwanza malemu ali moyo, ndipo pa hamala sipanapezeke chilichonse. Anati mukachotsa zimenezi, palibe chotsala chomangira munthu. Chigamulo cha imfa chafafanizidwa.

Womasulira anaima kumanzere kwa a Mwanza, kumbali ya khutu logontha lija, ndipo iwo sanamve. Ndinawaona akuyang'ana uku ndi uku, nkhope ili gwa, akonzeka kulandira zoipa. Sindinathe kudikira. Ndinaimirira n'kufuula kuti, "Atate a Tisa, mwamasuka! Mwamasuka!" Mesenjala wa khoti anathamangira kwa ine kuti ndikhale chete. Ndinamuyang'ana m'maso n'kuimba nthungululu mpaka denga linayankha. Anandikhalitsa chete nthawi yaitali m'nyumba zawo zimenezo. Tsiku limenelo akanafuna akanandimanga.

Sindikuuzani kuti zonse zinabwerera mwakale, chifukwa umboni wonama ndauona kuipa kwake. Palibe amene anabwera kudzapepesa. Anthu amene anawamenya a Mwanza akadali pa ntchito. Khutu lija silinatsegukenso, ndipo kukazizira mapazi amawavuta. Amene anapha a Chipungu sanapezeke mpaka lero. Ine ndi a Maliya timapita ku boma kukafunsa kuti nkhaniyo ili pati, ndipo akationa pakhomo amayang'anana, chifukwa atopa nafe. Atope. Ife sitinatope.

Koma ndikuthokoza Mulungu amene sananyansidwe ndi mapemphero anga aukali. Ndikuthokoza chifukwa analimbitsa mwamuna wanga pa tsiku limene ine mkazi wake ndinamupempha kuti agonje. Ndikuthokoza wansembe uja, loya uja, ndi mkulu wa mpingo uja amene tsiku lotuluka a Mwanza anali woyamba kufika pakhomo, nagwira dzanja lawo nthawi yaitali.

Inu amene muli ndi m'bale m'ndende pa mlandu wa eni, inu amene akukuuzani kuti vomerani kuti zithe msanga, limbani. Anthu a mphamvu akhoza kukugwirani dzanja, koma pakamwa ndi panu. Gogodani kukhoti, gogodani kwa Mulungu, ndipo musanyoze munthu amene Iye angamutume, ngakhale atachokera kunyumba imene inakuwazani phulusa.

Mayi amene ndakhala ndikumutchulayu anataya mudzi, munda ndi abale a mwamuna wake chifukwa chokana kukhala chete. Tinamumangira nyumba pafupi ndi yathu, ndipo ana anga amamuitana kuti amai aakulu. Mwamuna wanga anabwera, wake sadzabwera. Mukamandithandiza kuthokoza, muzimupempherera iyeyu, kuti naye adzaone chilungamo chake ali moyo. Ali pakati panu pompano. A Maliya, imirirani, anthu akuoneni.

Ambuye alemekezeke. Amen.